Shoo ya Lynyrd Skynyrd ku Louisiana State University, 21 Okutobala 1977: lipoti la phwando lomwe silinachitike

Lachisanu pa 21 Okutobala 1977, gulu loimba la Lynyrd Skynyrd limayenera kukwera pa nsanja mu holo ya LSU Assembly Center, pa sukulu ya ukachenjede ya Louisiana State University mumzinda wa Baton Rouge ku America. Matikiti anali atagulitsidwa ndipo zida zoimbira zinali pamsewu. Shooyo sinachitike. Madzulo a Lachinayi, ndege yomwe inanyamula oimbawo inatha mafuta ili m'mwamba n'kugwera m'nkhalango ya madambo pafupi ndi Gillsburg m'chigawo cha Mississippi, patatsala makilomita pafupifupi 80 kuti ifike. Mwa anthu 26 omwe anali m'ndegemo, asanu ndi mmodzi anamwalira.

Lipotili ndalembera anzanga omwe timadyera ntchito yokonza mashoo ndi maulendo a magulu oimba: mapulomota, mamanijala, oyang'anira maholo a m'makoleji, komanso atsogoleri a ophunzira omwe amasungitsidwa ndalama za zisangalalo. Okonda nyimbo amaikamba nkhaniyi ngati tsoka lomwe linalembedwa kale, ndipo sindiwaletsa, maliro aliyense amalira mmene akudziwira. Koma ife a ntchitoyi tiyenera kuiona ngati ntchito yomwe inalakwika, chifukwa pafupifupi chilichonse chomwe chinasokonekera chinali m'manja mwa anthu ngati ife.

Gulu ndi holo

Lynyrd Skynyrd inachokera mumzinda wa Jacksonville ku Florida. Nyimbo zawo amazitcha southern rock, kutanthauza rock ya zigawo za kummwera kwa America, yosakaniza blues ndi country, yokonda magitala ambiri olira limodzi. Mu mtundu womwewo wa nyimbo munali The Allman Brothers Band ya ku Macon ku Georgia ndi The Marshall Tucker Band ya ku Spartanburg ku South Carolina. Mtsogoleri wa Lynyrd Skynyrd anali Ronnie Van Zant, woimba pakamwa, munthu yemwe mawu ake ankamveka m'gululo kuposa a wina aliyense. Magitala ankaimba Gary Rossington, Allen Collins ndi Steve Gaines, besi Leon Wilkeson, piyano Billy Powell, ng'oma Artimus Pyle. Steve Gaines anali wachilendo, analowa mu 1976, ndipo anamubweretsa ndi mlongo wake Cassie Gaines yemwe anali kale m'gulu la amayi othandizira mawu.

Chaka cha 1977 zinthu zinali zitayamba kukoma. Chimbale chawo chatsopano, Street Survivors, chinatuluka Lolemba pa 17 Okutobala kudzera ku kampani ya MCA, ndipo ulendo wochitsatsa unali utangoyamba kumene. Pa ndandanda panali mashoo ambiri mpaka kukafika ku Madison Square Garden ku New York mwezi wa Novembala. Aliyense yemwe anayendetsapo gulu pa nthawi ngati imeneyi akudziwa mpweya wake: palibe amafuna kukhala munthu wonena kuti tiime kaye.

Holo yomwe amalowera si kaholo ka zisudzo za ophunzira. LSU Assembly Center inatsegulidwa mu 1972 ngati kwawo kwa timu ya basketball ya sukuluyo, ndipo mumalowa anthu oposa 13,000. Lero imadziwika ndi dzina la Pete Maravich, katswiri wa basketball wa pasukulupo, dzina lomwe inapatsidwa mu 1988 iye atamwalira. M'zaka za m'ma 1970 maholo otere a m'mayunivesite ndiwo ankalandira magulu akuluakulu m'mizinda yapakatikati, chifukwa nthawi zambiri ndiwo anali nyumba zazikulu kuposa zonse mumzindamo, ndipo ogula matikiti anali pompo, ophunzira zikwizikwi. The Rolling Stones anayambira momwemo ulendo wawo wa ku America pa 1 Juni 1975. Led Zeppelin anaimbamo mu Meyi 1977. Ndipo oyang'anira holoyi anali atalawapo kale kuwawa kolephereka shoo chaka chomwecho: pa 31 Malichi 1977 Elvis Presley sanathe kuimba chifukwa cha matenda, anthu atalowa kale, ndipo anadzabwera miyezi iwiri pambuyo pake. Mfundo imeneyi muisunge. Shoo kulephereka mu holo imeneyi sichinali chinthu chosatheka, ndipo dziko silinathe itachitika.

Ndege

Ndegeyo inali Convair CV-240, nambala yake N55VM, ya injini ziwiri za mapiko ozungulira za mtundu wa Pratt & Whitney R-2800. Ndege za mtunduwu zinayamba kuuluka mu 1947, ndipo iyi inali imodzi mwa zoyambirira kupangidwa, choncho inali ndi zaka pafupifupi 30. Gululo linaichita hayala ku kampani ya L & J Company ya ku Addison ku Texas. Woyendetsa wamkulu anali Walter McCreary, womuthandiza William Gray.

Ukalamba wa ndege pawokha si mlandu. Ndege yosamalidwa bwino imauluka zaka zambirimbiri. Chomwe chimandikhudza n'chakuti gulu lina loimba la Aerosmith, malinga ndi mmene iwo eni anadzafotokozera, linatuma munthu wawo wodziwa za ndege kukaiona ndege yomweyi koyambirira kwa chakacho, ndipo iye anakana kuti oimba ake aikwere, poona kuti ndegeyo ndi oiyendetsa sanamufike pamtima. Kusiyana kwa magulu awiriwa sikunali ndalama. Kumodzi kunali munthu yemwe ntchito yake inali kukana, ndipo atakana anamumvera.

Palinso nkhani ya mgwirizano wa hayala. Pamene gulu loimba likubwereka ndege, funso lalikulu ndi lakuti ndani ali ndi ulamuliro pa kayendetsedwe kake: mwini ndege, kampani yolemba ntchito oyendetsa, kapena gulu lomwe lasaina pepala. Migwirizano ina imalembedwa mwaukathyali kuti udindowo ugwere wobwereka, yemwe sadziwa ngakhale kuwerenga buku la makaniko. Zikatero ndegeyo imauluka pansi pa malamulo ofewa a ndege ya munthu payekha, osati malamulo okhwima a kampani yonyamula anthu. Oimba amaona ngati agula ulendo, pomwe papepala asaina kuti iwo ndiwo akuyendetsa ntchito yonse.

Zomwe zinaoneka lisanafike tsikulo

Paulendo wochokera ku Lakeland ku Florida kupita ku Greenville ku South Carolina, okwera anaona malawi a moto akutuluka ku injini ya kumanja. Sanali manong'onong'o, anthu angapo anaona ndi maso awo ndipo anachita mantha. Oyendetsa ankakayikira mbali yopereka moto ku mapulagi, kachipangizo kotchedwa magneto. Ndegeyo inatera bwino ku Greenville, ndipo Lachitatu pa 19 Okutobala gululo linaimba mu Greenville Memorial Auditorium. Imeneyo ndiyo inakhala shoo yomaliza ya Ronnie Van Zant ndi Steve Gaines.

Omwe anapulumuka akhala akufotokoza kuti ena m'gululo sankafuna kukweranso ndegeyo. Cassie Gaines ankafuna kuyenda pa lole ya zida. Zomwe anagwirizana pomaliza n'zomwe tonsefe tinamvapo kapena kunenapo: tikafika kutsogoloko tikakonza. Makaniko amayenera kukakumana ndi ndegeyo ku Baton Rouge, ndipo panali ganizo loti akafika kumeneko aisiye n'kupeza ina yatsopanoko. Kunena kwina, onse anavomereza kuti ndegeyo ili ndi vuto, ndipo onse anavomerezanso kuikwera kamodzi kokha.

Kamodzi kokhako kanali ulendo wa makilomita pafupifupi 950.

Tsiku la ngozi

Ku Greenville anathira mafuta okwana magaloni 400, omwe ndi malita pafupifupi 1,500. Pa pepala la ulendo woyendetsa analemba kuti ali ndi mafuta a maola asanu, pa ulendo wosafika maola atatu. Ndegeyo inanyamuka pa bwalo la Greenville Downtown nthawi itangopitirira 5 koloko madzulo pa wotchi ya kumeneko, yomwe ndi 4 koloko pa wotchi ya ku Mississippi ndi Louisiana. Inakwera mpaka mafiti 12,000, mamita pafupifupi 3,600, ndipo kwa maola awiri ndi theka palibe chomwe oyendetsa anadandaula kwa owongolera ndege pansi.

Nthawi ili 6:42 madzulo pa wotchi ya ku Mississippi, atayamba kale kutsika, anauza owongolera ndege a ku Houston kuti mafuta atsala pang'ono kutha ndipo akufuna bwalo lililonse lapafupi. Anawalozera ku bwalo la ndege la mumzinda wa McComb ku Mississippi, lomwe anali atalipitirira kale, kotero anayenera kukhota n'kubwerera. Patangopita mphindi zochepa ananena kuti mafuta atha. Injini zonse ziwiri zinazima. Okwera anauzidwa kuti amange malamba, ndipo anakhala ndi mphindi zingapo akudziwa chomwe chikubwera. Cha m'ma 6:52, kukuyamba kuda, ndegeyo inayamba kudula nsonga za mitengo, kenako inasweka m'nkhalango ya m'boma la Amite, makilomita 8 kumpoto chakummawa kwa Gillsburg.

Anamwalira ndi Ronnie Van Zant wa zaka 29, Steve Gaines wa zaka 28, Cassie Gaines wa zaka 29, wothandizira manijala wa ulendo Dean Kilpatrick, ndi oyendetsa ndege onse awiri. Anthu 20 anapulumuka, ambiri atavulala koopsa. Moto sunabuke, pa chifukwa chomwecho chomwe chinagwetsa ndegeyo: m'matanki munalibe choyaka.

Artimus Pyle, atathyoka nthiti, anayenda pamodzi ndi anzake awiri ogwira ntchito m'gululo kudutsa m'nkhalangomo mpaka anafika pa nyumba ya mlimi wina kukapempha thandizo. Anthu a m'deralo ndiwo anayamba kufika, ndi magalimoto awo a kumunda, kuwoloka kamtsinje ndi matope usiku, helikopita ikuwaunikira kuchokera m'mwamba. Ovulala ambiri anathamangira nawo ku chipatala cha ku McComb. Ntchito yomwe anthu wamba amenewa anagwira usiku umenewo ndi yaikulu, ndipo mu 2019 pafupi ndi malowo anamangapo chipilala cha chikumbutso.

Zomwe ofufuza anapeza

Bungwe lofufuza ngozi za maulendo ku America, National Transportation Safety Board, linatulutsa lipoti lake mu 1978. Chomwe linati chinagwetsa ndegeyo ndi kutha kwa mafuta, komwe kunazimitsa injini zonse, chifukwa oyendetsa sanasamale kuyang'anira mafuta omwe anali nawo. Linaonjezera zinthu ziwiri zomwe zinathandizira: kusakonzekera bwino ulendo, ndi vuto la injini ya kumanja lomwe linachititsa kuti izimwa mafuta ambiri kuposa nthawi zonse. M'magazi a oyendetsa simunapezeke mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo izi n'zofunika kuzinena chifukwa nkhani za m'mabala zimakonda kulowera kumeneko.

Apa m'pofunika kufotokoza pang'ono za injini, chifukwa m'pomwe pagona nkhani. Injini za mtunduwu zili ndi chogwirira chomwe woyendetsa amasankhira kuchuluka kwa mafuta osakanikirana ndi mpweya. Ponyamuka ndi pokwera amaika pa auto-rich, mafuta ambiri, kuti injini ikhale ndi mphamvu komanso isatenthe. Akafika pamwamba n'kuyamba kuyenda mowongoka amabweza pa auto-lean, mafuta ochepa. Injini ikamatsokomola, kuisiya pa auto-rich kumaichititsa kuti izilira bwinoko, ndipo umu ndi mmene injini ya kumanja ija inkayendetsedwera. Njira imeneyi imabisa matenda, koma mtengo wake ndi mafuta. Masamu onse omwe woyendetsa amadalira, akuti pa ola limodzi ndimatentha magaloni akutiakuti, amakhala atasiya kugwira ntchito.

Ndiye taonani mmene zinalumikizirana. Ngati ndegeyo inamwa mafuta mopitirira paulendo wa ku Lakeland, ndiye kuti inatera ku Greenville ndi mafuta ochepa kuposa omwe oyendetsa ankawerengera m'mutu. Magaloni 400 aja anathiridwa pamwamba pa chiwerengero cholakwika. Maola asanu a papepala aja anali masamu, osati mafuta. Kenako paulendo wachiwiri injini yomweyo inapitiriza kumwa mopitirira. Ofufuza ananena mosabisa kuti oyendetsawo mwina ananyalanyaza kapena sankadziwa n'komwe za kuchuluka kwa mafuta omwe ankatenthedwa, chifukwa akanakhala kuti ankayang'ana mageji awo akanazindikira nthawi ikadalipo n'kutera panjira kukathira ena. Zili ngati dalaivala wa minibasi yemwe wazolowera kuti malita akutiakuti amamufikitsa, ndipo tsiku lomwe galimoto yayamba kufuka utsi wakuda iye akuwerengerabe malita omwewo.

Choncho injini yodwalayo sinaphe munthu payokha. Inauluka mpaka mafuta anatha. Chomwe chinapha n'chakuti vutolo litadziwika, palibe yemwe anakhala pansi kufunsa kuti kodi vutoli lasintha chiyani pa mapulani athu.

Tsiku lomwe linali m'thumba

Pali mfundo imodzi yomwe okamba nkhaniyi amailumpha, koma kwa ine monga wokonza maulendo ndiyo yowawa kwambiri. Ndegeyo inanyamuka Lachinayi madzulo. Shoo inali Lachisanu usiku. Anali ndi usiku wonse ndi tsiku lonse m'manja.

Ife timakonda kudziwiringula ndi nthawi. Timati tinalibe kuchitira mwina, anthu anali akudikira, geti linali litatsegulidwa. Apa sizinali choncho. Kutera pa bwalo lina lililonse panjira, ku Georgia kapena ku Alabama, kuthira mafuta n'kunyamukanso, kukanangowachedwetsa ola limodzi, ndipo akanagona ku Baton Rouge usiku womwewo. Kuitana makaniko uja kuti abwere ku Greenville mmalo mokakumana naye kutsogolo kukanatheka. Kukwera ndege za makampani wamba Lachisanu mmawa kukanatheka. Ngakhale basi ikanawafikitsa, popeza zida zawo zolemera zinkayenda pamsewu womwewo ndipo zimayenera kufika mmawa wa Lachisanu kuti zimangidwe. Njira zinalipo zambiri, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe ikanalepheretsa shoo.

Nanga n'chifukwa chiyani palibe anasankha? Mmene ndikuonera ine, mphamvu zinali zogawikana moipa. Omwe anaona moto n'kuchita mantha, oimba ndi anyamata a zida, analibe chidziwitso choti n'kutsutsana ndi woyendetsa ndege. Oyendetsa, omwe anali ndi chidziwitsocho, anali antchito a kampani yomwe ikanataya kasitomala akananena kuti ndege yathu siyenera kuuluka. Mamanijala a ulendo wa gululo anali ndi ndalama ndi ndandanda, ndipo ndege yahayala yaikulu chonchi, yolipiridwa kale, kuisiya pansi n'kugula matikiti 24 a ndege zina ndi chinthu chomwe umayenera kukachifotokoza kwa mabwana. Mtsogoleri wa gulu, yemwe mawu ake akanathetsa zonse, anali woimba, osati injiniya, ndipo anadalira zomwe anauzidwa. Aliyense anali ndi chidutswa chake cha chithunzi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma m'gulu ili wotsina khutu analibe mpando.

Ndionjezere china chomwe n'chovuta kuchivomereza pa ntchito yathu. Mantha timawaona ngati kufooka. Woimba akanena kuti galimoto iyi sindikwera, timamutenga ngati wovuta, wodzimva, wofuna kusamalidwa mwapadera. Timamunyengerera, ndipo tikamutha timadziona ngati mamanijala aluso. Cassie Gaines naye ananyengereredwa.

Mbali ya eni holo

Wina angafunse kuti nanga a ku Louisiana State University zikuwakhudza bwanji, popeza ndege sanaichite hayala ndi iwo. N'zoona, palibe mlandu uliwonse womwe ungawagwere, ndipo sindikuwaloza chala. Koma ife omwe timakhala mbali ya holo tiyenera kudziwa kuti ndife gawo la katundu yemwe amalemera pamutu pa manijala wa gulu. Holo ya pa yunivesite ili ndi kalendala yothina. Muli masewero, mayeso, misonkhano, miyambo yopereka madigiri. Tsiku lomwe mwapereka kwa gulu loimba likaphonyeka, lina limapezeka patali kapena osapezeka n'komwe. Manijala amadziwa zimenezi. Amadziwanso kuti mgwirizano uli ndi chilango cha kusabwera, ndipo kuti pulomota yemwe wakhumudwa amauza anzake. Choncho ngakhale pamene nthawi ilipo, mtima wake umakhala pa kufika msanga, kufika basi, china chilichonse tikaonera komweko.

Komanso Louisiana inali itaonapo kale zotere. Pa 20 Seputembala 1973 woimba Jim Croce anamwalira pa ngozi ya ndege yahayala ku Natchitoches, atangomaliza kuimba pa Northwestern State University. Mashoo a m'makoleji amakhala m'mizinda yomwe ndege zazikulu sizifikafika, ndiye magulu amadalira hayala, ndipo hayala ndi dziko lomwe wogula sadziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa poyang'ana penti.

Mwini holo sangayeze mafuta a ndege. Chomwe angathe n'kuchotsa chilango pa munthu wosankha kuchedwa chifukwa cha chitetezo. Mu migwirizano yambiri yomwe ndimaiona, gawo la zinthu zosapeweka limatchula mvula yamkuntho, matenda, zipolowe ndi imfa. Silitchula zoti manijala waona kuti galimoto kapena ndege siili bwino ndipo waganiza zoima. Kutanthauza kuti gulu likachita ngozi limakhululukidwa, koma likapewa ngozi limalipira. Nthawi zonse ndikamawerenga gawo limeneli ndimadabwa kuti tinafika bwanji polilemba chonchi.

Zotsatira zake

Ulendo wonse unathera pomwepo. Chikuto cha chimbale chija chinali ndi chithunzi cha oimbawo ataima pakati pa malawi a moto, Steve Gaines ali pakati penipeni, ndipo kampani ya MCA inachichotsa n'kuika china cha mdima kumbuyo, polemekeza mabanja. Chimbalecho chinagulidwa kwambiri, mpaka kufika pa nambala 5 pa ndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, koma panalibe gulu loti likachiimbe. Gary Rossington anathyoka mafupa ambiri m'manja ndi m'miyendo. Leon Wilkeson anavulala koopsa mkono. Billy Powell anang'ambika kumaso. Leslie Hawkins, mmodzi wa amayi othandizira mawu, anathyoka khosi. Pambali pa oimba odziwikawa panali anyamata a zokuzira mawu, a magetsi ndi a zida, omwe mayina awo salembedwa pa zikwangwani, ndipo ntchito yawo inatha tsiku lomwelo ali m'chipatala.

Rossington ndi Collins anadzayambitsa gulu lina, Rossington Collins Band. Dzina la Lynyrd Skynyrd linabwereranso pa nsanja mu 1987, patatha zaka khumi, Johnny Van Zant, mng'ono wake wa Ronnie, ataima pa maikolofoni. Nkhani ya yemwe ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito dzinalo inakafika mpaka ku khoti pakati pa otsala ndi mabanja a omwalira. Gululo linalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a nyimbo za rock, mu 2006, ndipo Gary Rossington, womaliza mwa omwe analiyambitsa, anamwalira mu Malichi 2023.

Zomwe ndimaumirira ndikamakonza ulendo

Ambiri a ife sitichita hayala ndege. Timachita hayala basi, minibasi kapena lole, ndipo oimba amafika pa koleji atapanikizana ndi masipika. Koma kagawidwe ka mphamvu n'komweko, ndipo mawu akuti tikakonza tikafika ndi omwewo.

Choyamba chomwe ndimafuna chilembedwe ndi dzina la munthu mmodzi yemwe ali ndi mphamvu yoimitsa ulendo, ndipo munthuyo asakhale yemwe malipiro ake akudalira kuti shoo ichitike. Apa m'pomwe timakangana kwambiri ndi anzanga, chifukwa m'magulu ang'onoang'ono aliyense amadya za pa geti. Komabe angapezeke: wamkulu wa zida, mkulu wina wa m'gulu, ngakhale woimira sukulu yomwe yaitana. Chofunika n'chakuti akanena kuti sitinyamuka, nkhani ithere pomwepo, ndipo asadzaimbidwe mlandu wa ndalama zomwe zatayika.

Chachiwiri n'chokhudza vuto lomwe laoneka kale. Lamulo langa n'lakuti chinthu chikonzedwe pomwe chadziwikira, osati pomwe tikupita. Ngati n'zosatheka ndipo tonse tagwirizana kupitirira, ndiye masamu onse abwerezedwe poyera: mafuta ayezedwe ndi diso kapena ndodo osati kungodalira geji ndi chizolowezi, malo oimapo panjira aonjezedwe, liwiro litsike, ndipo yemwe sakufuna kukwera apatsidwe ndalama ya njira ina popanda kumunyoza. Ndalama imeneyi ndimaiika mu bajeti pachiyambi, mzere wakewake, chifukwa ikakhala kuti palibe, manijala amayamba kunyengerera anthu mmalo mowamvera.

Pa pepala la hayala ndimafuna kuona mwini chombo, wolemba ntchito dalaivala, ndi yemwe inshuwaransi yake ikuphimba okwera, ndipo atatuwa akakhala anthu osiyana ndimafunsa chifukwa chake. Oimba asasaine pepala lowasandutsa oyendetsa ntchito ya chinthu chomwe sadziwa kuchiyeza.

Kwa anzanga a m'maholo a m'makoleji, pempho langa ndi la ziganizo ziwiri mu mgwirizano. China chinene kuti gulu likachedwa kapena kulephera kufika chifukwa manijala waimitsa ulendo pa nkhani ya chitetezo, ndipo wadziwitsa holo mwamsanga, sipadzakhala chilango koma kusuntha tsiku. Chinacho chitchuliretu tsiku lachiwiri lomwe holo yasunga. Oyang'anira kalendala amadana nazo chifukwa tsiku losungidwa ndi tsiku losagulitsidwa, ndipo atsogoleri a ophunzira amaopa kuti magulu ena azibisala kumbuyo kwa chiganizochi akapeza shoo ya ndalama zambiri kwina. Nkhawa yachiwiriyi ndi yeniyeni. Ndimaiyankha pofuna kuti gulu lionetse umboni, monga lisiti ya galaja kapena kalata ya kampani ya hayala, mkati mwa masiku atatu, ndipo likalephera chilango chibwerere mmene chinalili.